Dzina Limene Phiri Silinabweze

Phiri linabweza mayina atatu, lachinayi linasunga.

Linali Lolemba masana, tsiku loyamba la banja la a Gondwe pamwamba pa Nyika. Anali atangotsitsa zikwama m'nyumba ya alendo, tiyi yemwe asanamwe, ana n'kuyamba kukoka makolo awo kuti akaone kumene kanjira ka kuseri kwa mitengo ya paini kamathera. Kamathera pa phompho, lakuya moti mitengo ya pansi pake inkaoneka ngati masamba a mpiru, ndipo tsidya lake kunali khoma la mwala wotuwa.

Raphael Gondwe anali wopereka mankhwala pa chipatala china ku Salima, mkulu wa mpingo, koma nthabwala zake zinali za mnyamata wa sekondale. Anayamba kujambula kanema pa foni, n'kukuwa dzina la mkazi wake ndi mphamvu zonse.

"Helleeen!"

Patapita kamphindi, khoma lija linayankha, "Helleeen!"

Ana analumpha ngati aponda moto. Hellen anabisa nkhope m'chitenje, akuseka, n'kunena kuti mkulu wa mpingo sachita zimenezo. Laws, wazaka zisanu ndi zinayi, anakuwa dzina lake, litabwera iye n'kugwa pa udzu ndi phwete. Bambo anawonjezera la "Gondwe", nalonso linabwera lonse lathunthu. Kenaka Ungweru, wazaka zinayi, anatukumula kachifuwa kake n'kuyesa, koma kamawu kake kanathera pa mapazi pake pomwepo.

"Amami, ndikuwireni inuyo. Langa silikufika."

Hellen anali mphunzitsi wa sitandade wanu, ndiye za mawu musamuuze. Anaika manja kukamwa n'kuitana, "Ungweruuu!"

Onse anayi anatchera khutu. Zii.

Anaitananso. Zii. Anaitana kachitatu mpaka pakhosi kuwawa, koma tsidya lija kunangokhala chete ngati kulibe mwala. Raphael anati mphepo yatembenuka, ndipo pofuna kutsimikiza anakuwanso "Gondwe", dzina n'kubwera msangamsanga. Anaseka, anakanda m'mutu, n'kuzimitsa foni. Ungweru sanadandaule konse. Anati phiri lalikonda dzina lake, n'chifukwa chake lakana kubweza, ndipo anabwerera kunyumba akudumphadumpha kuti nsapato zake ziziyaka. Zinali nsapato za pa tchuthi chimenechi, zija zokhala ndi timagetsi tofiira kuchidendene toyaka mwana akaponda.

Ulendowu anaulota zaka ziwiri. Disembala wa ku Salima ndi wogona pa simenti, zenera lili pululu, thukuta likuyenderera m'khosi, ndiye Raphael ankangowanyadira ana kuti kwawo kuli mapiri kumene munthu amafunda mabulangete atatu pa Khirisimasi. Chimene sankanena n'chakuti iye mwini, wobadwira ku Bolero m'tsinde mwa mapiri omwewo, anali asanakwereko ndi kamodzi komwe. Anachoka ali mwana kupita kusukulu, sukulu n'kumupereka ku ntchito, ntchito n'kumusunga. M'galimoto anaimba njira yonse, Mzuzu, Rumphi, Bolero, matope akuwaza magalasi. Nyimbo zikatha, Laws ankayamba kuputa mlongo wake pomutchula Kamtedza, dzina limene anamwino anam'patsa chifukwa anabadwa miyezi isanakwane, wochepa moti ankakwana m'manja awiri. Palibe chimene Ungweru ankadana nacho kuposa dzina limenelo.

"Sindine Kamtedza ine! Ndine Ungweru Gondwe!" Ankatero akumenya phazi pansi, nsapato n'kuthwanima, galimoto yonse n'kufa ndi kuseka.

Nyumbayo ankaisamalira a NyaKalua, mayi wamtali wa manja olimba, amene kupatula kuphikira alendo anali ndi ming'oma yawo ya njuchi m'nkhalango ya kumunsi. Madzulo amenewo ankasenda mbatatesi m'khitchini, Laws akuwafotokozera za phompho mawu akupunthana. Atafika pa dzina losabwerera, mpeni unaima.

"Anaitana ndani?"

"Amami."

A NyaKalua anayang'ana Hellen. "Kangati, amama?"

"Katatu. Bwanji kodi?"

"Yayi, palibe." Anasenda mbatatesi ina mpaka kumaliza, kenaka anatsitsa mawu. "Ife a njuchi kuno sitiitanana mayina pa phompho paja. Timaimba mluzu, kapena kugogoda mtengo ndi nkhwangwa. Nkhungu ikatsika, mawu amasokonekera chomene. Wokuitana ali kumbuyo, iwe umamumvera kutsogolo, ndiye umapita kutsogoloko. Amanena kuti kale mnyamata wina anatsata mawu a adada wake, adada wakewo ali kumbuyo akumukuwira kuti aime. Ena amati dzina likapanda kubwera masana, limabwera nthawi yake."

Raphael, amene anaima pakhomo ndi kapu ya tiyi, anaseka. Anafotokoza bwinobwino za mphepo, za chinyezi, za mmene mawu amagundira pa mwala, ngati akuphunzitsa kalasi. Anamalizira m'Chitumbuka kuti asaoneke mlendo.

"Enya, adada, mwina ndi mphepo," anatero a NyaKalua osakweza maso. "Koma chitseko mutseke ndi mpiringidzo, kiyi yekha ayi. Ndipo mwana akamva kuitana, asayankhe."

Anapita kukagona kunyumba kwawo, kuseri kwa kaphiri. Hellen anaika mpiringidzo, thabwa lolemera lopingasa chitseko, akudziseka yekha. Anawotha moto wa m'chumuni, ana atavala majuzi awiriawiri, akupikisana kutulutsa nthunzi m'kamwa. Magetsi a sola atazima, kunja kunagwa mdima wa ndiweyani, ndipo paini anayamba kulira ndi mphepo ngati mvula ikubwera kutali.

Pakati pa usiku Hellen anadzidzimuka osadziwa chamudzutsa. Anamvetsera. Denga la malata linkathetheka ndi kuzizira, nkhuni yotsala inkanyeka pang'onopang'ono pabalaza. Kenaka, chapansipansi, kunja:

"Ungweruuu!"

Hellen anadzuka n'kukhala tsonga. Munthu sadziwa bwino mawu ake omwe, koma awa anawadziwa, mpaka kusasa kwa kumapeto kuja.

"Bambo a Laws," ananong'ona. "Mwamva?"

"Ndamva chiyani? Gonani, mayi, mwatopa ndi msewu."

Raphael anali atatembenukira kukhoma, bulangete kumutu, mapewa akugwedezeka. Hellen anaganiza kuti ndi kuzizira. Anapita kuchipinda cha ana, anawapeza ali m'tulo tofa nato, n'kukhala m'mphepete mwa bedi mpaka mapazi kuuma.

Kutacha, mantha anasungunuka ndi dzuwa. Ndani angasunge mantha pamalo ngati amenewo? Mapiri anali obiriwira, osalala, otsatizana mpaka kumene maso amalephera, maluwa achikasu ndi ofiirira ali mbwee mu udzu. Atangoyenda pang'ono ndi galimoto anakumana ndi mbidzi zisanu ndi ziwiri zitaima pamsewu, zonenepa, zosafuna kupatuka. Laws anasowa mawu koyamba chibadwire. Ungweru anafunsa kuti anazipenta ndani, ndipo ngati n'zotheka kutengako kamodzi kakang'ono ku Salima, azikagona nako. Anadya mazira owiritsa ndi buledi wopaka uchi wa a NyaKalua atakhala pamwala, nkhope zili zomatamata, Raphael akuloza uku ndi uku ngati mapiriwo anawaumba yekha. Hellen anamuyang'ana n'kumva kumukonda, ndi uchitsiru wake womwe.

Usiku wachiwiri nkhungu inatsika molawirira. Inafika pa mawindo n'kukhala pomwepo, yoyera, yonyowa, moti ukawalitsa tochi kuwala kunkangobwerera kumaso. Mphepo inaleka. Kunalibe chule, kunalibe kadzidzi, koma madontho okha ochoka kudenga, limodzi, kenaka lina patapita nthawi.

"Ungweruuu!"

Ulendo uno mawuwo sanali kutali. Anachokera pa mitengo ya paini, pamene anaimika galimoto. Hellen anagwira mkono wa mwamuna wake, n'kupeza kuti ali maso, wauma gwa, akupuma mofulumira.

"Musandiuze kuti simunamve."

Mawu anabweranso, ofatsa, oleza, ngati mmene Hellen amaitanira mwana chakudya chikapsa. Kenaka m'nyumba momwemo munamveka timapazi, ndipo pansi pa chitseko cha chipinda chawo panadutsa kuwala kofiira, kuthima, kuwalanso.

Anamupeza Ungweru pa chitseko cha kunja, atavala nsapato zake mosemphanitsa, atanyanyamphira, akukankha mpiringidzo ndi manja onse awiri. Thabwalo linamukanika.

"Amami?" Mwanayo anayang'ana mayi ake, n'kuyang'ana chitseko. "Mwalowera kuti?"

Hellen anamunyamula n'kukagona naye pakati pawo, atamukumbatira mpaka mwana kudandaula kuti akumupana.

M'mawa a NyaKalua atamva, sanazungulire. "Tsikani lero, amama. Mapiri sathawa, mudzabweranso."

Hellen anayamba kulongedza. Akutola masokosi a ana amene anayanika pakhonde, anaona kanthu kakuda pansi pa benchi, kuseri kwa mphika wa maluwa. Kanali kasipika ka mwamuna wake, kaja kolumikiza ku foni popanda waya, kamene amaimbira nyimbo za kwaya Lamlungu m'mawa. Kanali konyoweratu. Anakayang'ana nthawi yaitali, zonse n'kumulowa m'mutu: kanema wa pa phompho wokhala ndi mawu ake, mapewa ogwedezeka aja, foni pansi pa bulangete.

Anakaponya kasipikako pa tebulo, pakati pa makapu.

"Bambo a Laws, ndinu munthu wamkulu inu? Mkulu wa mpingo? Mwana akanatsegula chitseko chija mukanati chiyani?"

Raphael anaika kapu yake pansi. Anayang'ana mkazi wake, anayang'ana zikwama zomangamanga, anayang'ana Laws amene misozi inali kale m'maso chifukwa tsiku limenelo ndi limene analonjezedwa kukawedza ku damu. Apa ndi pamene munthu wophunzira uja analakwitsa zenizeni. Anali ndi mawu ena oti anene, koma anawameza.

"Pepani, mayi. Ndimangofuna tiseke."

Hellen anamukalipira mpaka mawu kutha, kenaka mwadzidzidzi anayamba kuseka, kuseka kotuluka ndi misozi, kwa munthu amene mwala wachoka pachifuwa. Analanda foni ndi kasipika n'kuzitsekera m'chikwama chake. Anauza a NyaKalua kuti mzukwa wapezeka, ndi wa ku Bolero, uli ndi ndevu. A NyaKalua anamwetulira pang'ono, n'kuyang'ana Raphael. Iye anayang'ana pansi.

Tsiku limenelo ndi limene ana amalikumbukabe kuti linali lokoma kuposa onse. Laws anagwira kansomba kochepa ngati chala n'kukajambula m'maganizo mwake ngati ng'ona. Anagubuduka pa udzu kuchokera pamwamba pa chitunda mpaka pansi, Hellen yemwe, chitenje chili uko. Anaona ntchefu zikudutsa m'chigwa mwaulemu ngati azibusa pa msonkhano. Madzulo anawotcha chimanga pa moto wa m'chumuni, anaimba nyimbo zonse za m'galimoto, Ungweru akuvina pakati, chipinda chikuthwanima kufiira. Raphael yekha ankaimba ndi pakamwa pokha, maso ali ku zenera. Pogona anafuna kuika mpiringidzo, Hellen n'kumuseka.

"Mukuopa mzukwa wanu womwe? Uli m'chikwama changa. Siyani, thabwalo limandithyola msana m'mawa."

Anasiya, chifukwa kuumirira kukanafuna kufotokoza. Anatsimikiza mumtima kuti sagona, akhala maso mpaka kucha. Koma anali atathamanga ndi ana tsiku lonse, ndipo tulo sitimva malonjezo.

Hellen anadzuka chifukwa cha kuzizira. Mphepo yonyowa inkayenda m'nyumba, pansi, ngati madzi. Asanamvetse chifukwa chake, mawu anamveka, pafupi kwambiri, pakhonde penipeni.

"Ungweru. Bwera, mwanawe. Bwera kwa amami."

Anamugwedeza mwamuna wake mwaukali. "Mwayambanso? Mwatenga bwanji m'chikwama changa?"

Raphael anadzuka n'kumugwira dzanja. Chikhatho chake chinali chozizira ngati mwala.

"Hellen, ine ndinachita usiku woyamba wokha," ananong'ona. "Kamodzi kokha. Kasipika kanafa ndi mame usiku womwewo. Dzulo sindinali ine."

Ndipo Hellen anakumbukira kuti pa phompho paja anangotchula dzina. Mawu akuti bwera sanawanene.

Bedi la Ungweru linali lopanda munthu, lofundabe. Chitseko cha kunja chinali chotsegula, kiyi akulendewera, nkhungu italowa mpaka pabalaza. Anatuluka opanda nsapato. Tochi ya Raphael inangowaonetsa khoma loyera, ndiye anaizimitsa, ndipo mu mdimamo anaona, patali kupyola mitengo ya paini, kadontho kofiira. Kanayaka, kanathima, kanayaka. Kankayenda m'kanjira kaja.

Anathamanga. Udzu unali woterera, wa zitsinde, ndipo Hellen anagwa, anadzuka, anagwanso, bondo likutuluka magazi osalimva. Raphael anawomba mtengo ndi phewa. Kadontho kaja kankachepa. Hellen anaiwala zonse zimene a NyaKalua ananena, anadzaza chifuwa n'kukuwa:

"Ungweruuu!"

Mawu ake sanamveke pakamwa pake. Anamveka kutsogolo, kuphompho, okoma, oitana. Timagetsi tija tinayamba kuthwanima mofulumira. Mwana anali akuthamanga.

Hellen anadzitseka pakamwa ndi manja onse awiri. Anadziwa kuti akaitananso amupha yekha mwana wake, mwana amene anamulera pachifuwa masabata asanu ndi limodzi m'chipatala, anthu akubwera kudzamuona ndi nkhope za maliro. Anaona m'maganizo manja a namwino aja, ndi kanthu kofiira kali m'menemo. Anachotsa manja pakamwa.

"Kamtedza! Iwe Kamtedza iwe!"

Kuwala kunathima.

Kunalibenso chofiira paliponse. Kunali mdima, nkhungu, ndi phokoso la madzi ochokera pansi penipeni pa phompho, limene masana sankalimva. Hellen anawerenga kugunda kwa mtima wake, kamodzi, kawiri, kasanu. Anagwada pa udzu.

Kenaka kadontho kofiira kanayaka kamodzi, mwamphamvu, pamalo amodzi. Phazi linamenya pansi.

"Sindine Kamtedza ine!"

"Ndiwe Kamtedza!" Hellen anakuwa akulira, akukwawa. "Kamtedza kopanda mchere! Kamtedza kofumbwa!"

"Ndikakunenerani kwa adadi!"

Timagetsi tinayamba kubwerera, tolusa, tomenya pansi mwamphamvu, mpaka Raphael anatambasula manja mu mdima n'kugwira juzi. Anakhala pansi pomwepo atatuwo, pa udzu wonyowa. Kumbuyo kwa mwanayo, mawu aja anaitananso kamodzi, motsitsa, ngati munthu amene wakhumudwa. M'mawa Raphael anapita yekha kukaona. Timapazi tinathera masitepe anayi kuchokera m'mphepete, ndipo anabwerako n'kuyamba kukweza zikwama m'galimoto.

A NyaKalua sananene kuti ndinakuuzani. Anawapatsa botolo la uchi, anamugwira Ungweru patsaya, n'kuuza Hellen chapambali kuti dzinalo alisiye kaye lipume, asalitchule mpaka atatsika. Hellen anafunsa kuti atatsika kufika pati.

"Kaya, amama. Ife sitinayesepo."

Anatsika Lachinayi, dzuwa likuwala ngati palibe chinachitika. Pofika ku Bolero, Laws anali atayamba kale kukonza za ulendo wa chaka chamawa, nsomba yake itakula kufika pa chigongono. Anadutsa Rumphi, anadutsa Mzuzu, anafika ku Salima kotentha, Hellen osalitchula dzina lija. Ankati alitchula mawa. Januwale anatha, mvula inatha, Ungweru anayamba sukulu ya mkaka, ndipo aphunzitsi, anzake, ngakhale bambo ake ankamuitana bwinobwino popanda chochitika. Koma Hellen likafika pa lilime, ankamva kuzizira kuja m'mapazi, n'kunena kuti iwe, kapena mwanawe, kapena mayi wanga. Zinkamupweteka, chifukwa dzinalo anasankha yekha, tsiku limene anatuluka naye m'chipatala.

Madzulo ena a mwezi wa Meyi ankamumanga tsitsi pakhonde, mwana atakhala pakati pa miyendo yake, akusewera ndi nsapato zija, zimene tsopano zinamuthina ndipo imodzi yokha ndi imene inkayaka.

"Amami, dzina langa munalisiya kuphiri?"

Chipeso chinaima. "Ayi, mwanawe. Lilipo."

"Ndiye tatchulani."

Hellen anatsegula pakamwa. Anayesetsa ndithu. Panatuluka mpweya wokha.

Mwanayo anatembenuka n'kumusisita bondo, pa chipsera paja, ngati wamkulu ndi iye.

"Musadandaule. Amami ena aja amanditchulabe. Poyamba amaima kumsewu, koma dzulo anali pa geti." Anamenyetsa nsapato pa simenti, kagetsi n'kuyaka. "Koma ine sindiyankha. Ndimawauza mumtima kuti kuno kulibe Ungweru. Ine ndine Kamtedza."